Kachirombo ka HPV ndi Kusweka kwa Nsupa Masiku Asanakwane

Nsupa ndi thumba la madzi m'mene mwana amakhala ali m'mimba mwa mayi ake. Mwachibadwa imasweka matenda akayamba, mimba itakwana masabata 37 kapena kuposerapo. Ikasweka nthawiyi isanafike, khomo lomwe linali lotseka limatsala pululu, ndipo tizirombo ta kunjira yoberekera timakwera mosavuta kukafika kwa mwana.

Chimodzi mwa zinthu zomwe madokotala akhala akufufuza pa vutoli ndi kachirombo ka HPV, kamene kamafala pogonana nkukhazikika pa khomo la chiberekero. Ambirife timakadziwa chifukwa cha khansa: mitundu yake iwiri, 16 ndi 18, ndiyo imayambitsa pafupifupi 70 mwa 100 ya khansa ya khomo la chiberekero, ndipo mayi amene ali ndi HIV ali pachiopsezo choposa anzake kasanu ndi kamodzi. Kafukufuku wa m'maiko angapo wasonyezanso kuti kusweka msanga kwa nsupa kumachitika kawirikawiri mwa amayi omwe ali ndi kachiromboka, ngakhale ambiri mwa iwo amachira bwinobwino. Mayi amene anadulidwapo kachigawo ka khomo la chiberekero pochotsa zilonda zoyambitsa khansa ayenera kuuza anamwino ku sikelo, pakuti khomo lofupika silichedwa kutseguka.

Kwathu kuno kunyanja pali mdani wina: likodzo. Madokotala omwe anayeza amayi pa chipatala cha boma cha Mangochi m'zaka za m'ma 1990 anapeza mazira a likodzo pa khomo la chiberekero, pomwe amachititsa zilonda zofanana ndi za matenda opatsirana pogonana. Tikutchula izi dala, chifukwa mayi wochapa ndi kusamba m'nyanja angathe kunamiziridwa chiwerewere pamene wangodwala likodzo, lomwe mankhwala ake ndi praziquantel.

Nsupa ikasweka, madzi amatuluka mwamphamvu kapena modontha ngati mkodzo wosagwirika. Choopsa chachikulu ndi kuola kwa m'chiberekero: mayi amatentha thupi, m'mimba mumapweteka, madzi amanunkha. Chingwe cha mchombo chingathe kutsogola nkupanikizika, mwana nkubanika. Kawirikawiri matenda amayamba pasanathe sabata, mwana nkubadwa mapapo asanakhwime. Lipoti la padziko lonse la 2012 linaika Malawi patsogolo pa maiko onse, ndi ana 18 mwa 100 alionse obadwa masiku osakwana.

Nchifukwa chake mayi wotere sayenera kudikira kuti kuche, kaya ali ku Makanjira, ku Namwera kapena ku Monkey Bay. Avale nsalu yoyera, asalowetse kanthu kalikonse kunjira yoberekera, asagone ndi mwamuna, ndipo mwanamphepo asamuyandikire nkomwe. Kuchipatala amapereka erythromycin kwa masiku 10, komanso jakisoni wa dexamethasone wokhwimitsa mapapo a mwana ngati mimba isanakwane masabata 34. Zizindikiro za kuola zikaoneka, amamuchiritsa mayiyo pomwepo.

Mayi woyembekezera sabayidwa katemera wa HPV. Katemerayu ndi wa atsikana achichepere: anayesedwa ku Rumphi ndi ku Zomba mu 2013, ndipo mu Januwale 2019 boma linayamba kubaya atsikana a zaka 9 m'dziko lonse.