Mtengo wa Cimanga ndi Amene Anali Kuupanga

Aphunzitsi anzanga, ana akatifunsa cifukwa cace Boma limalowerera pa malonda a cimanga, tiyenera kubwerera nao ku zaka za 1931 ndi 1932, pamene malonda anagwa m'maiko onse. Migodi ina ya mkuwa inatsekedwa, anchito ambiri anabwerera kumidzi, ndipo cimanga cinasowa ogula. Pa nthawi yomweyo alimi a Citonga okhala m'mbali mwa njanji anali atazolowera pulawo ya ng'ombe, nakolola zocuruka. Alimi Acizungu anaopa kuti msika udzawapulumuka, ndipo popeza anali ndi owalankhulira mu Bwalo la Malamulo la Northern Rhodesia, kudandaula kwao kunamveka msanga.

Cotero mu 1936 bungwe la Maize Control Board linayamba nchito. Msika wa m'dziko, umene unali ndi mtengo wabwino, unagawidwa panai: magawo atatu kwa Azungu, limodzi kwa anthu akuda. Cotsala cinali kugulitsidwa kunja pa mtengo wotsika. Anati akucinjiriza mlimi. Koma amene anacinjirizidwa kwenikweni anali alimi owerengeka, ndipo Mtonga wa khama sanafunsidwe konse.

Ufulu utabwera mu 1964, tsankho la khungu linatha, koma mau amphamvu anakhala a anthu a m'matauni ndi a ku Migodi, amene anafuna ufa wotsika mtengo. Boma la Dr Kaunda linakhazikitsa Namboard mu 1969, nililipirira feteleza, mayendedwe a matumba ndi ufa womwe. Mkuwa ndiwo unasenza katundu ameneyu, ndipo mtengo wace utagwa mu 1975, anausenza ndi ngongole.

Obwereketsa, makamaka IMF, anafuna kuti cithandizoco cicotsedwe. Mu December 1986 mtengo wa ufa woyera unakwezedwa. Ku Kitwe ndi ku Ndola kunabuka cipolowe, anthu anafa, ndipo Boma linabweza mau ace. Pa 1 May 1987 Dr Kaunda anathetsa pangano ndi IMF, komabe umphawi unambwezera komweko, ndipo cipolowe ca ku Lusaka mu June 1990 cinafulumiza kugwa kwa UNIP mu 1991.

Boma la Chiluba linasiyira amalonda msika wa cimanga, ndipo ogula sanafike kumidzi yakutali. Mu 2002 Mwanawasa, amene anapambana masankho movutikira, anabwezeretsa feteleza wotsika mtengo kwa alimi ang'onoang'ono.