Kanambala ka Pamwamba pa Mzere ndi Mbiri Yake

Wolemba amene wamaliza nkhani ya kafukufuku akatsegula malamulo a magazini ena a zamaphunziro amapeza lamulo lodabwitsa. Amamuuza kuti asasiyire pulogalamu ya Word kuika yokha manambala a mawu akumapeto, koma atayipe nambala iliyonse payekha, aikweze pamwamba pa mzere, kenako andandalike maumboni ake onse kumapeto kwa nkhani. Ambiri amati akonzi akungokakamira zachikale. Koma mbiri ya ntchito yosindikiza mabuku ikuonetsa kuti kuyambira kale, amene amagamula malo a mawu a umboni ndi wosindikiza, potengera zipangizo ndi thumba lake, pamene udindo woonetsetsa kuti nambala ikuloza umboni woyenera sunachokepo pamutu pa wolemba.

Poyamba ndemanga zinkakhala m'mphepete mwa tsamba. Baibulo la Geneva la 1560 linadzaza nazo mpaka Mfumu James ya ku England inaipidwa, n'kulamula kuti Baibulo latsopano, limene linatuluka mu 1611, lisakhale ndi ndemanga za chiphunzitso m'mbali. M'mphepete munkachepa, choncho osindikiza anayamba kutsitsira ndemangazo m'munsi mwa tsamba, n'kumazilozera ndi zilembo kapena tizizindikiro monga kanyenyezi ndi kamtanda. Mu 1697 Pierre Bayle anatulutsa buku lake lotchedwa Dictionnaire historique et critique ku Rotterdam, limene m'masamba ambiri nkhani yeniyeni ndi mizere yowerengeka pamwamba, kwinako konse ndi mawu a m'munsi. Tizizindikiro tinkakwana pa tsamba limodzi lokha, koma maumboni akachuluka kapena akasamukira kumapeto kwa buku, panafunika manambala otsatizana. Edward Gibbon atatulutsa gawo loyamba la mbiri ya kugwa kwa ufumu wa Roma mu 1776, maumboni ake anali kumapeto. Wolemba mnzake David Hume analembera wosindikiza bukulo, William Strahan, kudandaula kuti wowerenga akuvutika kutembenuza masamba kukafuna kamzere kamodzi, ndipo posindikizanso bukulo maumboniwo anawabweretsa m'munsi mwa tsamba. Apa n'zoonekeratu kuti Hume ankadziwa mwini nkhani: dandaulo lokhudza malo a maumboni analitumiza ku nyumba yosindikiza.

Ngakhale Hume anapambana, mawu akumapeto anabwereranso mwamphamvu chifukwa cha ndalama. Makina a Linotype, amene anayamba kugwira ntchito mu 1886, ankaumba mzere wathunthu wa zilembo za mtovu, koma kusanja mizereyo kuti ipange tsamba inali ntchito ya manja. Mmisiri ankayeza malo a nkhani ndi malo a tilembo ting'onoting'ono ta m'munsi, ndipo wolemba akawonjezera mizere iwiri pa umboni umodzi, nkhani inkasefukira patsamba lotsatira n'kusokoneza masamba onse a kutsogolo. Kuunjika maumboni kumapeto kunkachotsa vuto lonseli. Nawonso otayipa anali ndi mtolo wawo. Kuti nambala ikwere pamwamba pa mzere, munthu ankapotokola chogudubuzira pepala ndi dzanja theka la mzere, n'kumenya nambalayo, n'kubwezanso pepala pamalo pake. Akazindikira mochedwa kuti pakati pa umboni wa 12 ndi wa 13 pakusowa wina, manambala onse otsatira ankasintha, ndipo masamba ambiri ankatayipidwanso. M'nthawi imeneyi Kate Turabian, amene ankayang'anira zolemba za ophunzira pa yunivesite ya Chicago, analemba kabuku ka malangizo mu 1937 kofotokoza kaikidwe ka zinthu zimenezi pamakina otayipira.

Kompyuta inachotsa thukuta limeneli. Microsoft Word inatuluka mu 1983, ndipo mapulogalamu otere anayamba kusintha okha manambala onse munthu akawonjezera umboni pakati. Koma nambala yoikidwa ndi pulogalamu si chilembo chotayipidwa ngati zinazo. Ndi chizindikiro chobisika chimene pulogalamuyo imawerengetsera nthawi iliyonse, ndipo nkhani ikasamutsidwira mu pulogalamu ina yosanjira masamba, chizindikirocho chikhoza kusowa kapena manambala kuyambiranso pa 1. Pulogalamu ya InDesign, imene osindikiza ambiri amagwiritsa ntchito, inatuluka mu 1999, koma inayamba kusamalira mawu a m'munsi mu 2005 ndipo mawu akumapeto mu 2017. Kwa zaka zonsezo, nambala yotayipidwa ndi dzanja ndi imene inkafika bwinobwino kwa wosanja masamba. Lamulo la akonzi linachokera pamenepo.

Wina anganene kuti munthu amalakwitsa kuposa makina, ndipo akunena zoona. Kudumpha nambala imodzi kumachititsa kuti maumboni onse otsatira aloze malo olakwika. Koma cholakwa cha wolemba chimaoneka papepala lake ndipo angachikonze asanatumize, pamene cholakwa chochitika posamutsa nkhani chimabadwira m'manja mwa munthu amene sanawerengepo mabuku otchulidwawo. Winanso anganene kuti popeza mapulogalamu a masiku ano atha kuchita zonsezi, lamuloli latha ntchito. Kumalo ambiri lathadi, ndipo osindikiza ochuluka tsopano amafuna manambala oikidwa ndi pulogalamu. Zimenezi sizikutsutsa mfundoyi, zikungoitsimikizira, pakuti lamulo limasintha zipangizo za wosindikiza zikasintha, monga mmene zinakhalira m'nthawi ya mtovu ndi ya makina otayipira. Magazini ang'onoang'ono amene akugwiritsabe ntchito zipangizo zakale ali ndi chifukwa chomveka chopemphera zakale.

Choncho wolemba wanzeru amalemba nkhani yake ndi manambala oikidwa ndi pulogalamu mpaka itapsa, amasunga kope limenelo, ndipo amatayipa manambala ndi dzanja pomaliza penipeni ngati mkonzi wapempha. Akatero amawerenga nambala iliyonse m'nkhani n'kuiyerekeza ndi ya kumapeto, imodzi imodzi. Safunsa anadya phula: musanatumize nkhani yanu, werengani malamulo a amene adzaisindikize, ndipo pamene simukumvetsa funsani mkonzi.