Dotolo ndi Kalata ya Aepiskopi

Tisanaŵatche Ngwazi, a Hastings Kamuzu Banda anali dotolo. Anatsiriza maphunziro a udotolo ku Meharry, ku America, m'chaka cha 1937, nawonjezera ena ku Edinburgh mu 1941. Anachiza odwala ku Liverpool, ku London, kenaka ku Kumasi m'dziko la Ghana. Ntchito yawo tsiku ndi tsiku inali kukhala pansi ndi kumvetsera munthu akulongosola pamene pakumupweteka. Atabwerera kuno kwathu pa 6 Julayi 1958, anatsegula kachipatala ku Limbe, koma posakhalitsa ndale zinaŵameza.

Ife a ku Mzuzu tinaona ndi maso athu kumene ndalezo zinakafika. Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi mwathu munaŵerengedwa kalata ya Aepiskopi, imene mwa zina inadandaula za kuthithikana kwa odwala ndi kuchepa kwa antchito m'zipatala. Tinkayesa kuti dandaulo lotere dotolo alitchera khutu, poti zoŵaŵa za odwala ankazidziŵa kuposa ife tonse. Koma ayi ndithu: boma lawo linati kalatayo ndi youkira. Mwezi wotsatira, Monsinyo John Roche, amene ankayang'anira dayosizi yathu ya Mzuzu, anathamangitsidwa m'dziko muno.