Mmene Dzalanyama Analowera pa Mapu

Phiri la Dzalanyama, lomwe anthu a ku Mitundu amaliona chakumadzulo, Achewa ankalidziwa bwino kalekale lisanajambulidwe papepala. Kumeneko ndiko kuli Kaphirintiwa, komwe makolo ankati anthu oyamba anasiya mapazi awo pathanthwe, ndipo opita kukapempha mvula kwa Makewana ku Msinja ankadziwa njira, madooko ndi mayina a timitsinje ta m'menemo.

Mapu olembedwa anadza ndi mkangano wa malire. Pa 11 June 1891, ku Lisbon, Britain ndi Portugal anasainirana pangano logawana dera lino. M'chigawo cha Dzalanyama malirewo sanatsate mtsinje kapena mzere wowongoka ayi. Anatsata msana wa phiri, pamene madzi a mvula amapatukana: mbali yomwe madzi ake amatsikira ku Zambezi inakhala ya Apwitikizi, yotsikira ku nyanja inakhala ya Angerezi. Kulemba mawu otere kunali kosavuta, koma kuwapeza malowo m'nkhalango yowirira kunali ntchito ina. Oyeza malo anayenera kulondola khwawa lililonse mpaka pa kasupe wake kuti aone komwe madzi akulowera, asanaike chizindikiro cha malire. Mlendo sakanatha zimenezi payekha. Ulemu waukulu uyenera kupita kwa alenje, amtengatenga ndi eni midzi amene ankatsogolera njira, ngakhale kuti mayina awo sanalembedwe pa mapuwo.

Mu 1922 boma la atsamunda linalengeza kuti nkhalangoyi ndi yotetezedwa, ndipo kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 989. Bungwe la Directorate of Colonial Surveys litakhazikitsidwa mu 1946, zithunzi zojambulidwa pandege ndizo zinakhala maziko a mapu a 1:50,000, oonetsa zitunda, zigwa ndi madambo.

Pa mapu amenewa pamaoneka poyera kumene madzi a mzinda wa Lilongwe amachokera. Mtsinje wa Lilongwe umayambira m'phirimo nkudzadzaza madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde. Diamphwe nayenso amachokera komweko, ndipo msewu wa M1 umamuwoloka munthu akapitirira Nathenje polowera ku Dedza. Lero zithunzi za setilaiti zikuonetsa mitengo ya tsamba ndi mombo ikutha kumene mitsinjeyi imayambira, chifukwa cha makala omwe amatuluka panjinga kudzera ku Mitundu kunka kutauni. Kuonongekaku kutafika poipa, mu 2015 boma linatumiza asilikali a nkhondo kuti akalondere nkhalangoyi.