Ukonde Susankha: Mbiri ya Kutha kwa Vaquita

Kumpoto kwa nyanja ya Gulf of California, m'dziko la Mexico, kumakhala kanyama kotchedwa vaquita, dzina la Chisipanishi lotanthauza "kang'ombe". Ngakhale kamakhala m'madzi, kanyamaka si nsomba ayi. Ndi kachibale ka namgumi, pakuti kamapuma ndi mapapo ndipo kamayamwitsa ana ake. Kutalika kwake ndi pafupifupi mita imodzi ndi theka, ndipo sikapezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi.

Akatswiri a sayansi anakalemba m'mabuku koyamba m'chaka cha 1958, koma tsoka lake linali litayamba kale. Kuyambira m'zaka za m'ma 1920, asodzi a kumeneko ankatchera maukonde ofuna totoaba, nsomba yaikulu imene kathumba kake ka mpweya kamagulidwa pa mtengo wokwera ku China. Palibe msodzi amene ankafuna vaquita. Komabe ukonde susankha. Kanyamaka kakakodwa, kamalephera kuvuuka kuti kapume, ndipo kamafa m'mphindi zochepa.

Boma la Mexico linaletsa usodzi wa totoaba m'chaka cha 1975 poona kuti nsombayo ikutha. Mu 1993 linakhazikitsa malo otetezedwa m'chigawocho. Malamulowo anali abwino papepala, koma panyanja maukonde a nsomba zina anapitirira kutcheredwa. Kalembera wa mu 1997 anapeza kuti panali avaquita pafupifupi 567. Pofika 2008 anatsala 245, ndipo mu 2015 anali pafupifupi 60 okha, chifukwa malonda ozembetsa totoaba anali atakula koopsa. Chaka chomwecho boma linaletsa maukonde otchera kwa zaka ziwiri, kenaka mu 2017 linawaletseratu. Mu 2017 momwemo akatswiri anayesa kugwira avaquita kuti awasunge pamalo otchingidwa, koma wamkazi wina atafa ntchitoyo inalekeka. Ofufuza a mu 2023 anaona pakati pa 10 ndi 13 basi.

Kodi mbiri imeneyi ikutiphunzitsanji? Choyamba, nyama imene imabala mwana mmodzi yekha pa chaka kapena pa zaka ziwiri singapikisane ndi ukonde umene umapha tsiku ndi tsiku. Chachiwiri, lamulo lopanda oliyang'anira, lopandanso njira ina yoti msodzi wosauka adyetsere banja lake, limangokhala mawu chabe. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Phindu la lero linaphimba anthu m'maso, osaona chimene akutaya.

Chiyembekezo chilipobe, chifukwa pakati pa otsalawo ofufuza akhala akuonamo ana. Ngati maukonde atachotsedwadi m'madzimo, avaquita angathe kuchulukanso. Koma wotsiriza akadzafera mu ukonde, palibe lamulo kapena chuma chimene chidzamubwezeretse.