Tsiku Limodzi Kwawo kwa Vasco da Gama

Ambiri amene tinakhalako pa benchi la pulaimale dzina la Vasco da Gama tinaliloweza, koma kwawo n'kuti? Mkuluyu anabadwira ku Sines, tauni ya asodzi m'mbali mwa nyanja ya Atlantic, pafupifupi makilomita 150 kumwera kwa Lisbon m'dziko la Portugal. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha, tsono mlendo wofuna kuidziwa bwino tauniyi aiyende wapansi, osathamanga.

Ayambire m'mamawa kudoko la asodzi, maboti akamakocheza. Nsomba yotchuka kuno ndi sardinha. Amangoiwaza mchere n'kuiotcha pa makala, basi ndiwo zatheka. Usodziwu ndi wakalekale, ndipo mudziwu unakula ndithu mpaka Mfumu Pedro I inaupatsa ufulu wodziyendetsera zinthu m'chaka cha 1362.

Kuchoka apo akwere chitunda kufika pa linga lamiyala. Bambo ake a Vasco, a Estêvão da Gama, ndiwo anali mkulu wa lingali. Pambali pake pali chiboliboli cha mwana wawoyo, chimene anachiimika mu 1970, nkhope italoza kunyanja.

Nyanja imeneyo ndiyo inamutenga. Pa 8 Julaye 1497 ananyamuka ku Lisbon ndi zombo zinayi. Pofika Januwale 1498 anali pa mtsinje wa ku Quelimane, kumene anthu ake ambiri anadwala, nkhama zitatupa. Mu Malichi anakocheza pa chilumba cha Mozambique, nakangana ndi eni ake, ndipo pochoka anawasiyira mizinga. Mu Meyi anafika ku Calicut, ku India. Pa ulendo wachiwiri, mu 1502, anatentha chombo chodzaza ndi Asilamu ochokera ku Mecca, amayi ndi ana ali momwemo. Chiboliboli chija sichinena zimenezi ayi.

Njira imene anatsegulayo inadzafika mpaka kwathu kuno. Apwitikizi anakwera Zambezi nakhazikika ku Sena ndi ku Tete. Mu 1616 Gaspar Bocarro anachoka ku Tete, nadzera kwa Muzura, mfumu ya Amaravi, paulendo wa ku Kilwa. Mawu onga nsapato, kalata ndi mbatata ndi mapazi amene anasiya m'chinenero chathu. Koma malonda omwewo anadzasenzanso minyanga ndi akapolo kupita nawo kugombe.

Chodabwitsa n'chakuti mwini wakeyo Sines sanamudyerere. Mfumu Manuel I inamulonjeza tauniyi ngati mphoto, koma gulu la asilikali achipembedzo la Santiago, limene linali eni malowo, linakanitsitsa. Mu 1507 analamulidwa kusamukamo. Ufumu wake anakaupeza ku Vidigueira mu 1519, ndipo anamwalirira ku Cochin, ku India, pa 24 Disembala 1524. Chimene anasiya ku Sines ndi katchalitchi ka Nossa Senhora das Salas, kamene anakamangitsanso pamwamba pa doko. Asodzi amakalemekeza kwambiri mpaka lero.

Dzuwa likapendeka mlendo atsikire ku mchenga, ayang'ane uku ndi uku. Aona zombo zikuluzikulu zamafuta ndi zamakontena. M'zaka za m'ma 1970 boma linamanga pano doko lakuya ndi fakitale yoyenga mafuta, ndipo mabanja ambiri olima analandidwa minda. Madzi ataipa ndi zonyansa za m'mafakitale, asodzi anatseka doko ndi maboti awo mu 1982. Nyumba yopangira magetsi ndi malasha, imene inabwera pambuyo pake, inatsekedwa mu 2021.

Tsono abale, mukadzafika ku Sines chiboliboli chija mukachione ndithu, pakuti mwini wake anasintha mbiri ya Zambezi ndi yathu yomwe. Koma mukapezenso nthawi yokhala pansi ndi asodzi. Iwowa analipo Vasco asanabadwe, ndipo mawa m'mamawa aponyanso makoka awo.