Clements Kadalie ndi Mtengo wa Kuyankhula Pantchito

Funso lakuti wantchito woyankhula chilungamo pamaso pa bwana amakwera kapena amagwa silidayambe lero. Ife amene makolo athu adakhetsa thukuta m'migodi ya ku Joni, ku Wankie ndi ku Copperbelt tingaphunzirepo kanthu pa mbiri ya Clements Kadalie.

Kadalie adabadwa mu 1896 ku Chifira, kufupi ndi Bandawe m'boma la Nkhata Bay, ndipo adaphunzira uphunzitsi ku Livingstonia. Mu 1915 adachoka kwawo, nakagwirako ukalaliki pa mgodi wa Shamva ku Southern Rhodesia. Masiku amenewo lamulo la atsamunda linkati wantchito wobweza mawu kwa bwana, kapena wochoka nthawi ya pangano isanathe, wapalamula mlandu wa kukhoti. Munthu wophunzira ngati iyeyu akadafuna kusunga mpando wake, njira idali imodzi: kutseka pakamwa.

Iye adasankha ina. Atafika ku Cape Town mu 1918, mu Januwale 1919 adayambitsa bungwe la apantchito la ICU ndi anthu 24, ambiri a iwo onyamula katundu padoko. Mu Disembala chaka chomwecho anthu pafupifupi 2,000 adanyanyala ntchito padokopo kwa masabata awiri. Sadapambane nthawi yomweyo, koma mu 1920 makampani adakweza malipiro. Boma lidalamula kuti Kadalie athamangitsidwe m'dzikomo poti adali mlendo. Anzake atadandaula, lamulolo lidafafanizidwa. Pofika mu 1927 bungwe lake lidali ndi mamembala pafupifupi 100,000, ndipo kalaliki wa ku Shamva uja adakayankhulira antchito akuda ku Geneva ndi ku Britain.

Tisafulumire kunena kuti kuyankhula kumakweza aliyense. M'chaka chomwecho cha 1927, Robert Sambo, nayenso wa ku Nyasaland, adayesa kudzala ICU ku Bulawayo. Boma la kumeneko lidamubweza kwawo bungwe lisanazike mizu. Uthenga wa anthu awiriwa udali umodzi. Chidasiyana n'chakuti kumbuyo kwa Kadalie kudali khamu lotha kuimitsa doko, pamene Sambo adali ndi anthu ochepa. Akuluakulu adati chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Kadalie mwiniwake adadzaona mbali ina ya mwambiwu. Mikangano ya ndalama ndi ya utsogoleri idang'amba ICU, ndipo mu 1929 adatula pansi udindo atasemphana ndi William Ballinger, mlangizi wochokera ku Scotland. Mu 1930 adamangidwa chifukwa cha sitalaka ya ku East London. Adakhala mumzindawo kufikira imfa yake mu 1951, akutsogolera kabungwe kakang'ono. Khamu litabalalika, mawu ake adapepuka, ngakhale luso lake la kuyankhula silidathe.

Abale ambiri amene mukuwerenga muli pantchito m'maiko a eni, ena ndi mapepala odikira siginecha ya bwana. Mlendo akadandaula za malipiro amaika pachiswe ntchito ndi malo ogona omwe, monga zidalili kwa Sambo. Kukhala chete nako kuli ndi mtengo wake, pakuti padoko la Cape Town malipiro adakwera anthu atayamba ayankhula. Choncho musanagogode pa chitseko cha ofesi, yambani mwadziwa amene angaime nanu mawa lake, ndiponso ngati dandaulo lanu ndi la anzanu omwe.